Momwe mungakonzekere ulendo wa ku Cars in the Park pa galimoto yanu yakale

Chaka chilichonse, kawirikawiri Lamulungu loyamba la mwezi wa Ogasiti, bwalo la mpikisano wa magalimoto la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria ku South Africa, limadzaza ndi magalimoto akale oposa 2,000. Chionetserochi chimatchedwa Cars in the Park ndipo amachikonza ndi a Pretoria Old Motor Club. Makalabu a magalimoto ochokera m'zigawo zosiyanasiyana za dzikolo amabwera, aliyense n'kumanga msasa wake m'mbali mwa msewu wa mpikisano: a Ford apa, a Volkswagen apo, a Datsun, a Alfa Romeo, a Land Rover.

Chionetsero chenichenicho n'cha tsiku limodzi lokha. Koma kwa munthu wochokera ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita oposa 1,600 kupita kokha, wodutsa zipata za malire zitatu. Amene amakafika bwino ndi amene anayamba kukonzeka m'mwezi wa Epulo kapena Meyi. Ndalemba izi makamaka kwa inu amene muli ndi Peugeot 504 ya malemu bambo, Toyota Cressida, Datsun 120Y kapena Nissan 1400 imene mwakhala mukuisamala ngati mwana, ndipo mumalakalaka itakaima pakati pa zinzake.

1. Tsimikizani tsiku ndipo dziwitsani okonza

Musadalire zimene mnzanu wakuuzani pa WhatsApp. Pitani pa tsamba la Pretoria Old Motor Club pa intaneti kapena pa Facebook, muone tsiku la chaka chimenecho, mtengo wa pakhomo, ndi malamulo a amene akufuna kuonetsa galimoto. Wokaonetsa ndi wokangoonerera salowa mofanana ndipo saimika galimoto malo amodzi. Alembereni kalata, muwauze mtundu wa galimoto yanu, chaka chimene inapangidwa, komanso kuti mukuchokera ku Malawi. Funsaninso kalabu ya mtundu wa galimoto yanuyo ngati ingakulandireni pa msasa wake. Yankho lawo mulisindikize papepala, chifukwa pa malire akakufunsani kumene mukupita, pepala limeneli limafupikitsa nkhani.

2. Mapepala, ndipo apa musafulumire

Ambiri amathera miyezi itatu akupukuta galimoto, n'kuyamba kuthamangira mapepala kutatsala masiku anayi. Yambani ndi mapepala.

Pasipoti yanu ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo isanathe, ndipo ikhale ndi masamba opanda kanthu okwanira, popeza zidindo zidzachuluka: kutuluka ndi kulowa pa zipata zitatu, popita ndi pobwera. Mmalawi safunika viza pa ulendo waufupi ngati uwu ku Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, koma yang'anani masiku amene akulemberani pa chidindo musanachoke pa windo. Ku South Africa mukapitirira masiku amene mwapatsidwa, amakuletsani kulowanso m'dzikomo kwa nthawi ndithu.

Za galimoto, tengani laisensi yanu, chikalata cha umwini chimene ambiri timangoti bluebook, COF yosatha, ndi inshulansi. Chikalata cha umwinicho chikhale m'dzina lanu. Vuto lalikulu la magalimoto akale kwathu kuno ndi limeneli: galimoto inagulidwa kwa amalume m'ma 1990, amalumewo anamwalira, dzina silinasinthidwe. Mumzinda mutha kuyenda nayo zaka zambiri osavutika, koma pa malire simudutsa. Pitani ku Road Traffic mukasinthe umwini nthawi ikadalipo. Ngati galimoto ndi ya munthu wina kapena ya kampani, mufunika kalata ya mwiniwake yokulolezani kutuluka nayo kunja, yodindidwa ndi loya kapena apolisi.

Mufunikanso chikalata cha apolisi, cha ku ofesi ya Interpol, chotsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa. Amayang'ana nambala ya injini ndi ya chasisi n'kufananiza ndi zolembedwa m'mapepala. Tsono taganizani: galimoto ya zaka 40 mwina inasinthidwapo injini kawiri. Tsegulani boneti lero lomwe, pukutani pamene pali nambala, muone ngati ikugwirizana ndi ya m'chikalata. Ikasiyana, kakonzetseni zolembazo tsopano.

Inshulansi ya m'njira ili patatu. Ku Zimbabwe imagwira ntchito COMESA Yellow Card, imene mungagule ku kampani yanu ya inshulansi musananyamuke. Mozambique sili m'bungwe la COMESA, choncho konzekerani kugula inshulansi ya kumeneko pa chipata. Ku South Africa chipukutamisozi cha anthu ovulala pa ngozi chimachokera ku msonkho umene uli kale mu mtengo wa mafuta, koma chimenechi sichilipira galimoto ya munthu wina mukaigunda. Funsani kampani yanu ngati ingawonjezere chitetezo chanu kuti chifike kumeneko.

Potuluka, a MRA amalemba kuti galimoto yatuluka kwa kanthawi ndipo ibwerera. Polowa m'dziko lililonse amakupatsani chilolezo cha kanthawi chimene madalaivala amati TIP. Mapepala amenewa asungeni ngati ndalama, adzawafuna potuluka. Chikalata chilichonse chijambulitseni makope atatu, ndipo chijambuleninso pa foni.

3. Galimoto: yambani ndi zoziziritsa injini

Penti ibwere pomaliza, ngati ibwere n'komwe. Ine ndimakonda galimoto yakale yokhala ndi penti yake yoyambirira ngakhale itazilala, kusiyana ndi yopoperedwa mothamanga yonyezimira ngati sufuliya yatsopano. Anthu a ku zionetsero zotere amadziwa kusiyanitsa, ndipo galimoto imene yayenda yokha kuchoka ku Malawi, fumbi la m'njira lili m'matayala, imakopa anthu kuposa imene yabwera pa ngolo.

Chimene chimagwetsa magalimoto akale pa msewu uwu ndi kutentha. Blantyre ali pamwamba, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mukangodutsa Mwanza ndi Zóbuè mumatsetsereka mpaka m'chigwa cha Zambezi, ndipo Tete ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'dera lathu lino, ngakhale m'nyengo yozizira. Mukawoloka mtsinje mumayambanso kukwera pang'onopang'ono kulowera ku Zimbabwe. Injini imene sinatenthepo pakati pa Limbe ndi Zomba ikhoza kuwira pamenepa. Ine paipi ya madzi ya pansi pa redieta inandiphulikira titangopitirira Changara, dzuwa lili paliwombo, chonsecho poiyang'ana kunja inkaoneka yabwinobwino. M'kati inali itafumbwa. Tinapulumukira paipi ya sipeya imene mnzathu wa m'galimoto yachiwiri ananyamula.

Choncho uzani makaniko wanu achotse redieta, akaitsuke m'kati, asinthe mapaipi onse a madzi, chivindikiro cha redieta ndi fanibeluti, ayang'anenso pampu ya madzi. Zimene wachotsazo, ngati zikadali ndi moyo, ziikeni m'buti ngati sipeya. Kenaka mabuleki: mafuta ake atsopano, mapaipi a labala osang'ambika. Matayala musawaone mapanga okha. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa; 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Galimoto yongoyenda Lamulungu matayala ake saperepeseka, amangokalamba, ndipo tayala lokalamba limaphulika likatenthedwa maola ambiri pa phula.

Nyamulani mapulagi, mapointi ndi kondensa ngati galimoto yanu ndi ya mtundu umenewo, koyilo, fyuluta ya petulo, mafyuzi, mababu, oyilo, waya, chingwe chokokera, jeke yodalirika, ndi madzi malita osachepera 10. Musaiwale matrayango awiri, jekete yonyezimira, chozimitsira moto, timapepala tonyezimira toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, komanso chomata cha MW chosonyeza kuti galimoto ndi ya ku Malawi. Apolisi a pamsewu ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amafunsa zinthu zimenezi.

Zonse zikatha, iyeseni. Kuzungulira tauni sikuyesa ayi. Ikwezeni katundu wofanana ndi amene mudzanyamule, mupite ku Lilongwe n'kubwerera, kapena mutsike ku Chikwawa masana n'kukwera chitunda cha Thabwa pobwera, maso ali pa singano ya kutentha. Chitani izi kutatsala mwezi wathunthu, kuti chimene chatulukira mukhale ndi nthawi yochisakira sipeya.

4. Pezani anzanu a ulendo

Musapite nokha. Magalimoto atatu kapena anayi ndi okwanira. Akachuluka, mdipiti umachedwa pa chipata chilichonse ndi pothira mafuta paliponse. Pakhale imodzi yatsopano ndi yamphamvu yotha kukoka inzake, ndipo iziyenda kumbuyo. Yofooka kwambiri ikhale patsogolo kuti ndiyo izipereka liwiro. Gwirizanani musananyamuke kuti wina akawonongekeredwa mudzatani, ndipo ndalama yokokera idzachokera kuti. Nkhani imeneyi ndi yosavuta kuikamba muli pakhonde kusiyana ndi muli m'mbali mwa msewu.

5. Ndalama ndi mafuta

Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, ndiye pitani ku banki msanga ndi mapepala a ulendo. Mufunika madola a ku America ang'onoang'ono olipirira pa zipata ndi pa matolo geti a ku Zimbabwe, mametikashi ochepa a ku Mozambique, ndi marandi. Pa msewu wa N1 kuchoka ku Beitbridge kukafika ku Pretoria pali matolo geti angapo, monga Baobab, Capricorn, Nyl, Kranskop ndi Carousel, ndipo marandi a m'manja ndi amene sangakuchititseni manyazi. Chilichonse chimene mwalipira pa malire, lipirani pa windo ndipo landirani lisiti. Anyamata okuthamangirani kuti akuthandizeni mapepala muwathokoze mwaulemu n'kupitirira.

Mafuta werengerani molingana ndi mmene galimoto yanu inamwera pa ulendo woyeserera uja, muwonjezere gawo limodzi mwa magawo asanu. Lamulo langa ndi lakuti thanki ikafika pakati, paliponse pamene pali mafuta ndimathira.

6. Gawani njira m'masiku atatu

Tsiku loyamba: Blantyre, Mwanza, Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Mutoko, n'kukagona ku Harare. Ndi makilomita pafupifupi 600 ndi zipata ziwiri, choncho nyamukani kusanache kuti muwoloke Zambezi dzuwa lisanakwiye. A ku Lilongwe angadzere pa chipata cha Dedza n'kukakumana ndi anzawo ku Tete. Tsiku lachiwiri: Harare, Masvingo, Beitbridge, n'kukagona ku Musina. Chipata cha Beitbridge chimagwira ntchito usana ndi usiku, koma konzekerani kudikira. Tsiku lachitatu ndi la msewu wabwino, kukwera mapiri a Soutpansberg, kudutsa Polokwane mpaka Pretoria.

Basi imayenda njira imeneyi osagona, koma inu si basi. Nyali za galimoto yakale n'zofooka, ndipo ng'ombe, abulu ndi malole oima opanda chizindikiro ndi ambiri, makamaka pakati pa Masvingo ndi Beitbridge. Kukada, imani. Nyamukani Lachiwiri kuti mukhale ndi tsiku limodzi lapadera ngati china chavuta, ndiponso Loweruka lotsukira galimoto ndi kupumula. Malo ogona a ku Centurion kapena kumadzulo kwa Pretoria ndi amene ali pafupi ndi Zwartkops. Funsani ngati ali ndi poimika galimoto m'kati mwa mpanda.

Abale athu okhala ku Johannesburg ndi ku Pretoria, inu zonsezi sizikukukhudzani: bwaloli lili pa msewu wa R55, ulendo wosakwana ola limodzi. Ngati mungathe kulandira mdipiti wochokera kumudzi ndi kuwalozera makaniko wodalirika, mwathandiza kwambiri.

7. Tsiku lenilenilo

Dzukani usiku. Oonetsa magalimoto amalowa m'mamawa anthu ena asanayambe, ndipo mzere pa geti umatalika msanga. Galimoto yakale siikonda kuima pa mzere injini ikulira. Valani zofunda zenizeni. M'mawa wa Ogasiti kumeneko kumazizira koposa ku Dedza mu Juni, koma pofika masana dzuwa limawotcha, ndiye chipewa ndi madzi akumwa zikhale pafupi. Nsapato zikhale zoyendera, chifukwa bwalo ndi lalikulu.

Lembani pa pepala lolimba mtundu wa galimoto, chaka chake, mbiri yake mwachidule m'Chingerezi, ndi njira imene mwadutsa, muliike pa galasi lakutsogolo. Mudzadabwa kuchuluka kwa anthu amene adzaime kuti acheze nanu, ena anagwirapo ntchito ku Malawi kalekale, ena ali ndi galimoto ngati yanu ndipo akudziwa kumene kumapezeka sipeya imene mwaisaka zaka zisanu. Tengani manambala awo. Galimoto ya mwini musaigwire, musaitsamire, ndipo ana muwagwire dzanja.

Mukapeza mpata, siyani mnzanu pa galimoto mukazungulire. Yambani ndi zakale zenizeni, zimene amazitcha veteran, zopangidwa chisanafike chaka cha 1919, ndi za vintage, za kuyambira 1919 mpaka 1930. Mukatero sakani magalimoto amene anapangidwira msika wa South Africa wokha, amene simungawaone kwina: Ford Capri Perana ya injini ya V8, Ford Sierra XR8, BMW 333i, BMW 325iS imene m'makomboni amaitcha Gusheshe, ndi Opel Kadett Superboss. Pamakhalanso ogulitsa zipangizo zakale. Pitani ndi mndandanda wa zimene mukufuna, manambala ake ndi zithunzi, ndipo sungani malisiti, chifukwa pobwerera a MRA pa Mwanza adzafuna kudziwa zimene mwagula.

Madzulo ake musanyamuke. Gonani, ndipo Lolemba m'mawa injini ikadali yozizira yang'anani oyilo, madzi, mphepo ya m'matayala ndi manati a mawilo, mutulutse ma TIP onse muwaike pamwamba m'chikwama cha mapepala. Njira yobwerera ndi yomweyo, masiku atatu omwewo, ndipo pa Tete muyesetse kudutsanso m'mawa.