Kupima mphamvu ya phiko la galimoto yampikisano ndi fani ndi sikelo yakukhitchini

Galimoto ya Formula 1 imakhota pa liwiro loposa makilomita 250 pa ola osaterereka chifukwa mphepo imaikanikizira pa phula. Phiko lake ndi longa la ndege, koma lozondotsedwa, ndiye m'malo moinyamula limaitsindira pansi. Mphamvu imeneyi, imene amaitcha downforce, mukhoza kuiwerenga m'magalamu m'kalasi kapena m'galaja pa Dedza pomwe pano, ndipo malamulo ambiri a FIA, bungwe loyang'anira mipikisanoyi, amamveka msanga mukaona nokha zimene sikelo ikuchita.

Pezani fani yamagetsi yotambalala masentimita 40, sikelo ya digito yowerenga galamu imodziimodzi, katoni yolimba, tepi, masipoko awiri a njinga, kathabwa, ulusi wolukira juzi, protractor, timapaipi tomwera zakumwa, ndi chidutswa cha lata yopyapyala cha masentimita 30 kwa 10. Amisiri opanga ndowa kumsika amakhala ndi zotsalira zotere.

Yambani ndi ngalande ya mphepo. Pangani bokosi lotsekuka uku ndi uku, masentimita 35 m'lifupi, 20 kupita m'mwamba, 70 m'litali. Fani ikhale kumbuyo ndipo izikoka mpweya, isamaupemerere mkati, chifukwa mphepo yochoka pa fani imazungulira ndipo sikelo singakhazikike. Lumikizani bokosi ndi fani ndi katoni ina, mipata yonse muimate ndi tepi. Kukamwa kwa bokosi dzazaniko timapaipi todula masentimita 5, tonse toloza mkati, kuti mpweya uzilowa woongoka. Pambali boolani zenera, muliphimbe ndi pulasitiki yoonekera.

Phiko lipindeni pang'ono pa botolo lalikulu mpaka mimba yake ituluke mamilimita 7 kapena 8. Musavutike kusema phiko lonenepa ngati la galimoto yeniyeni. Pa mphepo yochepa chonchi lata yopyapyala yopindika ndi imene imagwira bwino. Mimba iyang'ane pansi, ndipo mbali yakumbuyo ikwere kuposa yakutsogolo.

Apa ndi pamene ntchito imaonongekera kawirikawiri. Sikelo ikhale kunsi kwa bokosi, kunja kwa mphepo. Ikani kathabwa pa sikelo, zikani masipoko m'kathabwako, adutse pa mabowo a pansi pa bokosi osakhudza katoni ngakhale pang'ono, ndipo phiko limangidwe pamwamba pake. Bokosi likhale pa mabuku mbali zonse ziwiri. Sipoko ikakhudza katoni, gawo la mphamvu limathera pomwepo ndipo muwerenga zabodza. Kathabwa kakhale kolemera ndi kotambalala, apo ayi mphepo ikakankhira phiko chammbuyo kamapendama. Nyengo ya mwera tsekani mawindo. Fani isanayake, bwezani sikelo pa 0.

Yambani phiko litakwera madigiri 4, muzionjezera 4 nthawi iliyonse mpaka 20, mukulemba. Mpweya ukamayenda mamita 4 pa sekondi, phiko la kukula uku limapereka magalamu ozungulira 25. Fani yofooka ipereka ochepera, ndipo zilibe kanthu bola muone mmene manambala akusinthira. Matani tiulusi ta masentimita 2 kunsi kwa phiko, chifukwa ntchito yaikulu imachitikira kumeneko: mpweya umathamanga kwambiri pa mimba, kukanikiza kwake kumachepa, phiko n'kukokedwera pansi. Magalamu azikwera mpaka chapakati pa madigiri 12 ndi 16, kenako aima kapena kutsika, tiulusi n'kuyamba kuvina. Pamenepo mpweya walekana ndi phiko. N'chifukwa chake mapiko enieni amawagawa pawiri kapena kuposa, kusiya kampata kopitamo mpweya watsopano.

Kampata komweko kali ndi lamulo. Kuyambira 2011 mpaka 2025 kunali DRS, imene inkatsekula phiko lakumbuyo pa msewu woongoka woyendetsa akakhala pasanathe sekondi imodzi kumbuyo kwa mnzake. Kuyambira 2019 malire a mpatawo anali mamilimita 85, ndipo mu 2021 ku Brazil zotsatira za Lewis Hamilton pa mpikisano wopezera malo oyambira zinafufutidwa chifukwa mpata wa phiko lake unapitirira malirewo pang'ono chabe.

Bwererani pa madigiri 8. Matani timakatoni tiwiri toimirira kunsonga za phiko, muona magalamu akukwera, poti mpweya wapamwamba sukuzemberanso pansi kudzera m'mphepete. Kenako matani kachidutswa kopyapyala ka lata ka mamilimita 2 kapena 3 koimirira m'mbali yonse yakumbuyo, cha pamwamba. Kameneka ndi Gurney flap, ndipo dzinali linachokera kwa Dan Gurney amene anayamba kukagwiritsa ntchito mu 1971. N'kakang'ono koma sikelo ikamva.

Sinthaninso liwiro la fani. Mphamvu sikwera molingana ndi liwiro: mukawirikiza liwiro kawiri, iyo imakula kanayi. Mphamvu yotereyi imatha kuthyola phiko: mu 1969 ku Montjuïc, pa mpikisano wa ku Spain, mapiko a galimoto za timu ya Lotus oimikidwa pa timitengo titalitali anathyoka, Graham Hill ndi Jochen Rindt n'kuchita ngozi pamalo amodzimodzi, ndipo mapiko amtunduwo analetsedwa pa mpikisano wotsatira ku Monaco. Mpaka lero oyendera amapachika katundu pa phiko kuti aone ngati likupindika kuposa muyeso.

Kuyesa kokoma kwambiri ndi kwa pansi. Muzionjezera makope kunsi kwa bokosi kuti pansi pake payandikire phiko, kuyambira masentimita 8 mpaka 1, mukuonetsetsa kuti masipoko sakukhudza. Magalamu akwera chifukwa mpweya ukupanikizika pa mpata wochepa n'kuthamanga kwambiri. Mukapitiriza, mpata umatsamwa ndipo mphamvu imagwa. Kumbukirani kuti pansi pa bokosi lanu pangoima, pomwe ngalande zenizeni zili ndi lamba woyenda ngati msewu, choncho kugwako kubwera msanga kwa inu.

Nzeru imeneyi ndi imene Colin Chapman ndi anzake anaika pa Lotus 79, galimoto imene Mario Andretti anatengera ukatswiri mu 1978. Chaka chomwecho Gordon Murray anamanga fani yeniyeni kumbuyo kwa Brabham BT46B yoyamwa mpweya kunsi. Niki Lauda anapambana nayo ku Sweden ndipo sinapikisanenso pa mipikisano yolimbirana ukatswiri. Choopsa cha nzeru imeneyi ndi chimene mwachiona pa sikelo: mphamvu yodalira kampata kochepa imatha mwadzidzidzi galimoto ikagunda bampu pakona. Mu 1983 analamula kuti kunsi kukhale kosalala. Mu 1994, Ayrton Senna atamwalira ku Imola, anaonjezera thabwa la mamilimita 10 kunsi kwa galimoto, ndipo likaperepeseka kuposa milimita imodzi ndiye kuti galimoto inatsitsidwa kwambiri. Michael Schumacher analandidwa chipambano ku Spa chaka chomwecho pa chifukwa chimenechi, ndipo mu 2023 ku Austin lamuloli linagwira Hamilton ndi Charles Leclerc. Ngalande zodutsamo mpweya kunsi kwa galimoto zitaloledwanso mu 2022, galimoto zinayamba kudumphadumpha pa liwiro lalikulu: ikatsika mpweya umatsamwa, imadzuka, mphamvu n'kubwerera, n'kutsikanso.

Anaziloleranjinso? Imikani phiko lachiwiri pa timitengo take masentimita 20 kutsogolo kwa loyamba, muone magalamu akugwa. Galimoto yotsatira inzake imakumana ndi mpweya wovunduka chomwecho, imalephera kuyandikira pakona, mpikisano n'kusanduka mdipiti. Malamulo a 2022 anafuna kuti mphamvu yambiri ichokere kunsi ndipo mpweya wovundukawo uponyedwe m'mwamba.

Manambala anu musawayerekeze mwachindunji ndi a anzanu a ku Salima kapena ku Mangochi. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka ndi 15 peresenti kuyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo downforce imachepa molingana. Ku Mexico City, kopitirira mamita 2,200, matimu amamanga mapiko akuluakulu onga a ku Monaco komabe galimoto zimaterereka.

Nawonso matimu ali ndi malire pa kuyesa kumeneku. Chifaniziro cha galimoto cholowa m'ngalande sichiposa 60 peresenti ya kukula kwenikweni, mphepo siposa mamita 50 pa sekondi, ndipo timu imene ili pamwamba imapatsidwa nthawi yochepa kuposa yotsalira kumbuyo. Inunso muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, muziwerenga katatu, ndipo magetsi akafooka fani n'kusintha kulira, bwerezani muyeso wa madigiri 8 musanapitirize.