Mankhwala a isotretinoin pa ziphuphu zazikulu: zoyenera kudziwa musanameze kapisozi woyamba

Si ziphuphu zonse zofuna mankhwala akumwa. Tiziphuphu totuluka pachipumi mwana akatha msinkhu timatha ndi mankhwala opaka, nthawi zina tokha. Koma pali zina zozama mkati mwa khungu, zolimba, zopweteka ngakhale kuzikhudza ndi pilo, zimene zimayala m'masaya, m'chibwano, pachifuwa mpaka kumsana. Zikaphulika zimatulutsa mafinya ndi magazi, zikapola zimasiya maenje ndi mawanga. Kwa ife akhungu lakuda mawangawo amakhala miyezi yambiri, ndipo ena zipsera zimatupa n'kumakulirakulira. Ndimamva chisoni ndikaona mtsikana wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare, atakulunga nkhope ndi mpango dzuwa lili phwee, kapena mnyamata amene wasiya kuimba kwaya chifukwa choopa maso a anthu. Ameneyu akudwala, ndipo thandizo lilipo.

Thandizolo ndi isotretinoin, mankhwala a m'gulu la vitamini A. Anayamba kugwiritsidwa ntchito ku United States mu 1982 ndi dzina loti Accutane, ndipo kuno ambiri amawadziwa kuti Roaccutane kapena Oratane. Amafwetsa tizigawo ta m'khungu totulutsa mafuta, motero timabowo ta khungu sititsekeka ndipo tizilombo toyambitsa kutupa timasowa pokhala. Dokotala amawapereka pamene mankhwala opaka ndi maantibayotiki alephera, kapena pamene zipsera zayamba kale. Mlingo amawerengera thupi la munthu, kawirikawiri 0.5mg mpaka 1mg pa kilogalamu iliyonse patsiku. Wolemera makilogalamu 60 angayambe ndi 30mg. Amamwa miyezi 4 mpaka 6, ndipo ambiri akamaliza khungu limakhala bwino kwa zaka.

Tsopano mvetserani bwino, amayi ndi achemwali anga, chifukwa apa ndi pagona nkhani. Mankhwalawa amawononga mwana wosabadwa. Amatha kupundula ubongo, mtima, makutu ndi nkhope, kapena pathupi kupita padera. Palibe mlingo wochepa umene tinganene kuti uwu ndi wabwino kwa woyembekezera. Choncho mkazi aliyense wa msinkhu wobereka amayezedwa kaye ngati ali ndi pakati, amayamba njira yolera mwezi umodzi asanayambe kumwa, amapitiriza nthawi yonse ya mankhwala, ndiponso mwezi wina wathunthu atasiya. Njira yodalirika ndi lupu kapena ya pamkono monga Jadelle. Amene ali pa mapilitsi kapena jakisoni aphatikizepo kondomu, ndipo mapilitsi aja opatsidwa kwa amayi oyamwitsa paokha sakwanira. Woyamwitsa asamwe n'komwe. Msambo ukachedwa, siyani kumwa tsiku lomwelo, pitani kuchipatala.

Ndikudziwa kuti pamwambo wathu n'zovuta kuti mayi akhale pansi ndi mwana wake wa Fomu 4 n'kukambirana za kulera. Ena amakwiya kuti dokotala akumuganizira zoipa mwana wawo. Ayi, funsoli amafunsa aliyense. Ngati inu amayi zikukulemerani, tumani azakhali ake apite naye, ndipo mum'patse mpata wolankhula yekha ndi dokotala. Mwana amabisa zambiri kholo likakhala pambali pake.

N'chifukwa chake ndimakaniza zopatsana. Wina khungu lasalala, mnzake wa ku tchalitchi n'kumupempha, "Asisi, mundigawireko makapisozi otsalawo." Wina amaitanitsa kwa m'bale wa ku Johannesburg kuti abwere ndi basi. Musatero. Simudziwa ngati mnzanuyo ali ndi pathupi pa milungu iwiri, iyenso mwina sakudziwa. Mankhwalawa agulidwe ku famase yovomerezeka ndi kalata ya dokotala, ndipo akhale olembetsedwa ndi bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe. Yambirani ku kiliniki ya kwanu kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kapena pitani kwa dokotala wa khungu ngati thumba likulola. Powerengera ndalama muikemo zoyezetsa magazi, chifukwa chiwindi ndi mafuta a m'magazi ziyenera kuonedwa musanayambe komanso mukumwa.

Amuna nawonso asagawire munthu. Ndipo aliyense amene akumwa asapereke magazi mpaka patatha mwezi atasiya, poti magaziwo angapatsidwe mayi woyembekezera. A bungwe lotolera magazi la National Blood Service Zimbabwe akabwera kusukulu, mwana anene.

Kamwedwe kake n'kosavuta koma ambiri amaphonya. Isotretinoin amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta. Tiyi wopanda kanthu sakwanira. Mezani pakati pa nsima ya ndiwo zotendera, kapena buledi wopaka chiponde, kapena peyala. Musamwe pamodzi ndi mapilitsi a vitamini A, ndipo ngati munali pa antibayotiki wa doxycycline muuzeni dokotala, chifukwa akakumana ndi isotretinoin amatha kukweza mphamvu ya madzi m'mutu. Mowa uyambe waima.

Milomo idzauma ndithu, pafupifupi aliyense. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, mphepo youma ya Harare ikamaomba, imang'ambika mpaka kutuluka magazi munthu akaseka. Yendani ndi kabotolo ka Vaseline m'thumba, pakani pafupipafupi, ndi m'mphuno momwe kuti mupewe kamfuno. Sambani ndi sopo wofewa, osakhula nkhope ndi mwala kapena chinkhupule. Dzuwa la mu Okutobala limawotcha msanga khungu lotere, ndiye valani chipewa. M'milungu yoyamba ziphuphu zimatha kuchuluka kaye. Apa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kusiya, chonsecho mankhwala angoyamba kumene ntchito. Zikanyanya dokotala amachepetsa mlingo.

Pali zizindikiro zosafuna kudikira tsiku lobwerera kwa dokotala: mutu waukulu wotsagana ndi kusanza kapena kusaona bwino, m'mimba kupweteka kwambiri, kutsegula m'mimba kwa magazi, maso achikasu, zotupa kapena matuza pathupi. Makolo, yang'aniraninso mtima wa mwana. Akayamba kudzipatula, kulira popanda chifukwa kapena kulankhula zofuna kufa, asiye mankhwala ndipo aonane ndi dokotala msanga. Amene anadwalapo matenda a nkhawa anene poyamba pomwe.

Chinanso muulule kwa dokotala ndi mafuta oyeretsa khungu ogulidwa m'misika. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu otchedwa betamethasone kapena clobetasol, ndipo amenewa amatulutsa ziphuphu paokha. Nthawi zina kusiya mafutawo motsogozedwa ndi dokotala kumathetsa vuto popanda isotretinoin.

Mukamaliza, khungu limakhalabe losakhwima, choncho kuzula tsitsi ndi phula kapena kupalitsa zipsera kudikire miyezi 6 kapena mpaka dokotala alole. Ziphuphu zikabwerera, ena amapatsidwanso ulendo wachiwiri, koma kuyeza kumayambiranso poyamba. Makapisozi otsala abwezeni ku famase, asakhale m'kabati m'nyumba mmene muli atsikana.