Wovulala pa ngozi akafika, musayambire pa fupa

Anzanga a m'zipatala zazing'ono za m'mbali mwa msewu wa M1, wovulala akafika musathamangire fupa lothyoka. Chimene chimapha msanga ndi kutaya magazi ndi kubanika.

Magazi akamatuluka mothamanga, dinikizani pabalapo ndi nsalu mwamphamvu, osamachotsachotsa kuti muone. Akakana kuleka pa mwendo kapena pa mkono, mangani tourniquet (lamba wothina woletsa magazi kutuluka) kumtunda kwa bala, mulembe nthawi. Kenako mufunseni dzina. Akayankha bwinobwino, njira ya mpweya ndi yotseguka. Wina agwire mutu kuti khosi lisagwedezeke.

Amene ndimamuopa ine ndi uja wangoti zii, thupi lozizira, mtima ukuthamanga, koma bala osaoneka. Magazi akutayikira m'kati: m'chifuwa, m'mimba, m'chiuno kapena m'ntchafu. Mukakayikira kuti mafupa a chiuno athyoka, chitenje chimakwana pomangira. Mangani molimba pamalo pamene mafupa a ntchafu atumphukira m'mbali, osati pa mchombo. Tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, 1 g kwa wamkulu, aperekedwe pasanathe maola 3 chivulalireni. Mufunditseni bulangete, chifukwa magazi a munthu wozizidwa sagwirana bwino, ndipo imbirani chipatala chachikulu ambulansi isananyamuke.