Kapsulo ikaulukanso kachiwiri: momwe amaikonzera, ndi zoti mumvetsere roketi ikakana kunyamuka

Mukasonkhanitsa ana a kalabu ya sayansi ku Matawale kapena ku Chinamwali kuti aonere roketi yonyamula anthu, konzekeranitu zinthu ziwiri. Choyamba ndi bandulo yokwanira maola awiri, foni kapena laputopu ili yodzaza moto. Chachiwiri ndi yankho la funso lomwe limabwera wotchi ya pa sikirini ikangoima: "Aphunzitsi, yawonongeka?" Nthawi zambiri imakhala isanawonongeke. Pamakhala kuti kompyuta kapena munthu waona chinthu chimodzi chomwe sichili m'malo mwake, ndipo waimitsa ulendo dala. Kusamala komweko ndi komwe kumachititsa kuti kapsulo imodzi (kachipinda ka pamwamba pa roketi momwe anthu amakhala) inyamule anthu kangapo.

Yambani ndi nthawi

Maroketi a Falcon 9 a kampani ya SpaceX onyamula anthu amanyamukira ku Florida. Kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, onjezani maola 6 pa nthawi ya kumeneko kuti mupeze ya kuno. Miyezi inayo onjezani maola 7. Ngati alemba nthawi ya UTC, yomwe ndi nthawi yoyendera dziko lonse, onjezani 2 basi. Ulendo wa Demo-2, woyamba wa kapsulo ya Crew Dragon kunyamula anthu, unanyamuka pa 30 Meyi 2020 nthawi ili 3:22 masana ku Florida, kuno ili 9:22 usiku.

Ulendo wopita ku siteshoni ya m'mlengalenga ya ISS sudikira ngati minibasi ya ku Limbe yomwe imanyamuka ikadzaza. Siteshoniyo imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, ndipo roketi iyenera kunyamuka pa mphindi yeniyeni yomwe njira ya siteshoniyo yalunjika pamwamba pa bwalo lonyamukira. Ikaphonya, n'zamawa kapena mkuja. Palinso chifukwa china: okosijeni wamadzi yemwe amathira mu Falcon 9 amamuziziritsa kufika cha m'ma madigiri 207 pansi pa ziro kuti alowe wambiri m'thanki, ndiye akakhalitsa amayamba kufunda n'kufufuma. Choncho wotchi ikaima mafuta atalowa kale, uzani ana kuti za lero zatha.

Zomwe zimachitika wotchi ikuwerenga chobwerera

Kutatsala mphindi pafupifupi 42, mlatho womwe anthu aja analowera m'kapsulo umachotsedwa. Patangopita mphindi zochepa amatsegula dongosolo lothawira ngozi, kuti kuyambira pamenepo kapsulo ikhoza kudzichotsa yokha pa roketi. Pa mphindi 35 mafuta a mtundu wa parafini ndi okosijeni wamadzi zimayamba kulowa. Utsi woyera womwe mumauona ukufuka m'mbali si moto, ndi chinyezi cha mumpweya chomwe chagwidwa ndi kuzizira, ngati nkhungu ya m'mawa pa phiri la Zomba. Pa mphindi 7 amaziziritsa injini. Pa mphindi imodzi kompyuta ya m'roketi imatenga ulamuliro. Kutatsala masekondi pafupifupi 3, injini zonse 9 za Merlin zimayaka, koma roketi imakhala itagwiridwabe pansi ndi zingwinjiri zachitsulo mpaka kompyuta itatsimikiza kuti injini iliyonse ikukoka bwino.

Kuimitsa kuli mitundu itatu, musasakanize

Mtundu woyamba ndi womwe olengeza amati scrub: ulendo waimitsidwa injini zisanayake. Pa 27 Meyi 2020 Bob Behnken ndi Doug Hurley a ulendo wa Demo-2 anali atakhala kale m'mipando pomwe ulendo unaimitsidwa kutatsala mphindi pafupifupi 17 chifukwa cha nyengo yoopsa ya mphezi. Nyengo yomwe amayang'ana si ya pabwalo pokha ayi. Amayang'ananso mafunde ndi mphepo m'nyanja ya Atlantic m'njira yonse yomwe kapsulo ingagwere itathawa, n'chifukwa chake nthawi zina amaimitsa ulendo dzuwa likuwala bwinobwino pa sikirini. Pa 27 Febuluwale 2023 ulendo wa Crew-6 unaima kutatsala mphindi ziwiri ndi theka: sefa ya m'paipi yapansi yodutsa mankhwala oyatsira injini inali itatsekeka, ndipo akatswiri sanathe kutsimikiza kuti mankhwalawo alowa okwanira. Anasintha sefayo, ulendo n'kunyamuka pa 2 Malichi. Zikatero anthu aja satuluka nthawi yomweyo. Amakhalabe omangidwa malamba mpaka mafuta atapopedwa kubwerera pansi, kenako dongosolo lothawira limatsekedwa, mlatho n'kubwerera.

Mtundu wachiwiri ndi woimitsa injini zitayaka kale, roketi ikadali pansi. Uwu ndi womwe umadzidzimutsa oonera, chifukwa moto umaoneka, phokoso limamveka, kenako zii. Pa 19 Meyi 2012 Falcon 9 yonyamula katundu inazima kutatsala theka la sekondi, kompyuta itaona kuti mphamvu ya mpweya mu injini ya nambala 5 yakwera kuposa muyezo. Anapeza valavu imodzi yowonongeka, anaisintha, ndipo pa 22 Meyi roketi yomweyo inanyamuka.

Mtundu wachitatu ndi ngozi yeniyeni: roketi yalephera ili m'mwamba ndipo kapsulo iyenera kuithawa. Crew Dragon ili ndi injini 8 zotchedwa SuperDraco m'makoma mwake za ntchito imeneyi, ndipo anaziyesa pa 19 Januwale 2020 pa roketi yomwe anaiwononga mwadala, mulibe munthu. Pa 12 Seputembala 2022 roketi ya New Shepard ya kampani ya Blue Origin inalephera ku Texas patangotha mphindi imodzi itanyamuka, kukamwa kwa injini kutasweka ndi kutentha. Munalibe anthu, munali zida za kafukufuku, ndipo kapsulo inadzichotsa n'kutera bwino ndi maparachuti. Pa 11 Okutobala 2018 zinachitikira anthu enieni: Nick Hague ndi Aleksey Ovchinin anali m'chombo cha Russia cha Soyuz MS-10 pomwe roketi imodzi yam'mbali inalephera kulekana bwino n'kugunda yapakati, chifukwa kachida kozindikira kulekanako kanapindika pomanga. Anatera amoyo ku Kazakhstan. Onetsani ana kuti pa zitsanzo zitatu mwa zimenezi choyambitsa chinali kanthu kakang'ono: sefa, valavu, kachida kopindika.

Kapsulo ikabwerera

Isanalowe mumpweya wa dziko, Crew Dragon imataya chigawo chake chapansi chotchedwa trunk, chomwe chimakhala ndi masola. Chimenechi sichibwereranso, ulendo uliwonse umafuna chatsopano. Zidutswa zake zinapezekapo zitagwera pamtunda ku Australia mu 2022 ndi ku Canada mu 2024, ndipo n'chifukwa chake kuyambira 2025 makapsulowa amatera m'nyanja ya Pacific kufupi ndi California, kuti trunk izigwera m'madzi.

Kapsulo imabwera pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Pa liwiro limeneli, kuchoka ku Zomba kufika ku Blantyre sipatha masekondi 10. Chishango cha pansi pake, chopangidwa ndi zinthu zotchedwa PICA-X, chimatentha kufika cha m'ma madigiri 1,900, ndipo chimateteza anthu popserera n'kumasuwa pang'onopang'ono. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5.5 maparachuti awiri aang'ono amatseguka kuti kapsulo isagwedezeke. Pa makilomita pafupifupi 2, womwe ndi msinkhu wa nsonga ya phiri la Zomba mukayeza kuchokera pa nyanja yamchere, akuluakulu 4 amatseguka. Imagunda madzi pa liwiro la njinga ya kabaza yotsika mtunda, makilomita pafupifupi 25 pa ola.

Ntchito yokonza imayambira pamadzi pomwepo. Oyamba kufika pa maboti ang'onoang'ono amayeza kaye mpweya wozungulira kapsulo. Mafuta a injini zake ndi mankhwala awiri apoizoni, monomethylhydrazine ndi nitrogen tetroxide, omwe amayaka okha akangokhudzana. Pa 2 Ogasiti 2020 chitseko cha Demo-2 chinachedwa kutsegulidwa chifukwa zida zinanunkhiza nthunzi ya nitrogen tetroxide, ndipo anayamba aipemerera kaye. Kenako amakoka kapsulo kuikweza m'sitima, anthu n'kutuluka, ndipo amaitsuka ndi madzi opanda mchere.

Kufakitale, ntchito imayenda motere. Amapopa mafuta otsala n'kuyeretsa mapaipi. Amachotsa zophimba zakunja kuti aone ngati madzi amchere analowa mpaka pa mawaya ndi pa zolumikizira. Gawo lopserera la chishango limasinthidwa, ndipo lakalelo amaliyeza kuti aone pomwe lasuwa kwambiri. Demo-2 itabwerera anapeza kuti lasuwa kuposa momwe amayembekezera pafupi ndi pomwe kapsulo imamangiriridwa ku trunk, ndipo anakonza malowo ulendo wotsatira usanachitike. Maparachuti amaika atsopano. Injini zazing'ono 16 za Draco zowongolera kapsulo, matanki, makompyuta ndi thupi lenileni lomwe anthu amakhalamo zimayezedwa chimodzichimodzi, ndipo chomwe chakhoza mayeso chimabwereranso kumwamba.

Mavalavu ndiye pagona nkhani

Ngati muli ndi nthawi yochepa yophunzitsa, thereni pa mavalavu. Valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi yokha aliyense wokonza njinga pa msika wa Zomba amaidziwa: ndi ija ya pa chubu, ndipo ikayamba kudontha tayala limaphwa usiku umodzi. Pa 20 Epulo 2019 kapsulo yomwe inali itangobwerera ku ulendo wopanda anthu wa Demo-1 inaphulika poyesedwa pansi ku Cape Canaveral. Nitrogen tetroxide pang'ono anali atadutsa valavu ya mtundu umenewu n'kulowa m'paipi ya mpweya wa helium, womwe umakankha mafuta kupita ku injini. Atatsegula helium mwamphamvu, madziwo anakankhidwa ngati chipolopolo n'kugunda valavu ya chitsulo cha titanium, ndipo chinayaka. Anachotsa mavalavuwo n'kuikamo timbale tachitsulo totseka kotheratu, tomwe timang'ambika kamodzi kokha mphamvu ikakwana. Kambale kotero sikadontha, koma kakang'ambika kayenera kusinthidwa.

Kapsulo ya Starliner ya kampani ya Boeing inakumana ndi vuto lapachibale mu Ogasiti 2021: mavalavu 13 anakakamira chifukwa nthunzi ya nitrogen tetroxide inakumana ndi chinyezi cha ku Florida n'kupanga asidi yemwe anadyetsa dzimbiri. Starliner imatera pamtunda, pa matumba a mpweya, ndiye imazemba madzi amchere, ndipo anaipanga kuti iuluke mpaka maulendo 10. Komabe kapsulo ya Starliner yotchedwa Calypso, yomwe inauluka koyamba mu Disembala 2019, itanyamula Butch Wilmore ndi Suni Williams pa 5 Juni 2024 inavuta ndi kudontha kwa helium komanso injini zowongolera. Zovutazo zinali m'chigawo chomwe chimatayidwa pobwerera, kutanthauza kuti akatswiri sakanatha kuchitsegula pansi n'kuona ndi maso. NASA, bungwe la boma la America loona za m'mlengalenga, inasankha kuibweza yopanda anthu mu Seputembala, ndipo awiriwo anabwerera pa Crew Dragon mu Malichi 2025. Chisankho chimenechi chinali choyenera: munthu samukweza m'chombo chomwe vuto lake silinamveke bwino.

Ngakhale chimbudzi chimalowa m'kaundula. Mu 2021 anapeza kuti paipi yomata ndi guluu inamasuka ndipo mkodzo unatayikira kunsi kwa malo opondapo m'kapsulo ya Crew Dragon. Anayeza ngati unadyetsa dzimbiri, kenako paipiyo anayamba kuiwotcherera.

Tsatirani dzina la kapsulo

Musamangolemba dzina la ulendo, lembaninso la kapsulo. Crew Dragon yotchedwa Endeavour inanyamula Demo-2 mu 2020, Crew-2 pa 23 Epulo 2021, kenako Axiom-1, Crew-6, Crew-8 ndi Crew-11. Resilience inabwerera mu Meyi 2021 n'kuulukanso mu Seputembala chaka chomwecho pa ulendo wa Inspiration4, atachotsa cholumikizira ku siteshoni n'kuikapo zenera lalikulu. Poyamba chilolezo cha NASA chinali cha maulendo 5 pa kapsulo imodzi, ndipo malirewo amasunthidwa pokhapokha ziwalo zitaphwasulidwa n'kuyezedwa. Ana akonze tchati pakhoma: dzina la kapsulo, tsiku lonyamuka, tsiku lotera, miyezi yomwe inakhala ikukonzedwa, ndi chomwe chinaimitsa ulendo ngati unaimitsidwa.

Kuti aone okha chifukwa chotsukira kapsulo msanga, tengani misomali 3 yatsopano yosapakidwa zinki, muikwecheko ndi sandipepala. Sungunulani mchere magalamu 35 mu lita imodzi ya madzi, womwe ndi muyezo wa madzi a m'nyanja yaikulu. Viikani misomali iwiri kwa ola limodzi. Umodzi mutsuke ndi madzi a pampopi n'kuupukuta mpaka uume, winawo muusiye choncho, wachitatu usakhudze madzi n'komwe. Ikani yonse pazenera, ndipo ana azijambula momwe ikuonekera m'mawa uliwonse kwa masiku 5. Ngati wina akuchokera ku Kachulu, abweretse botolo la madzi a m'nyanja ya Chilwa, omwe ali ndi kamchere kawo, muwonjezere msomali wachinayi.