Momwe ndinapitirizira buku lomwe linali litaima

Kwa miyezi isanu, buku la mbiri ya mudzi wathu lomwe ndinkalemba linangoima pa mutu wachitatu. Madzulo alionse ndikaweruka kuntchito ndinkatsegula kompyuta, koma m'malo mopitiriza, ndinkabwerera pa tsamba loyamba n'kuyambanso kukonza ziganizo zomwe ndinali nditazikonza kale kangapo, kwinaku foni ikulira ndi mauthenga a pa WhatsApp. Zimenezi zinkandipweteka mtima kwambiri, chifukwa akuluakulu omwe anandifotokozera nkhanizi ndi okalamba ndithu, ndipo ndinkafunitsitsa kuti alione bukuli adakali moyo.

Nditaganizira mofatsa, ndinazindikira kuti vuto silinali ulesi ayi, koma kuti ndinkalemba ndi kukonza nthawi imodzi, komanso ndili wotopa kale. Choncho ndinayamba kudzuka 4 koloko m'bandakucha, kusiya foni m'kabati ya mbale, n'kulemba pamanja masamba awiri okha m'kope, osafufuta kanthu ngakhale chiganizo chitaoneka chopotoka. Chomwe chinandithandiza koposa n'chakuti ndinkasiya kulemba maganizo asanandithere, n'kulemba m'munsi mwa tsamba mawu ochepa ondikumbutsa poyambira mawa, monga momwe mlimi amazindikirira mzere womwe walekezera dzulo.

Kukonza ndi kutaipa ndinakusungira Loweruka lokha. Mutu uliwonse ukatha ndinkakawerengera amalume pakhonde pawo, ndipo iwo ankandiwongolera mayina a mafumu ndi madambo, kenaka n'kundifunsa tsiku lomwe ndidzabwerenso ndi wotsatira. Mutu womaliza ndinautaipa mwezi wathawu.