Musathire simenti pansi popendekeka musanayeze

Chiyambireni mvula mu Disembala ndalowa m'nyumba zingapo kuno ku Kasungu, kwa Santhe, ku Mtunthama ndi m'tauni momwe, ndipo dandaulo ndi limodzimodzi. Matailosi oikidwa mu Ogasiti ndi ndalama za fodya ang'aluka kuchokera pakona mpaka pakhomo, chitseko chikukhula pansi, mwini nyumba akuloza chala mmisiri. Mmisiriyo kawirikawiri matailosi anaika bwino. Zinalakwika tsiku limene anaona kuti pansi mpopendekeka nkunena kuti "tingodzaza simenti palingane," eni ake nkuvomera osatenga ndi tepi yomwe.

Pansi pa nyumba yakale pamapendekeka pa zifukwa ziwiri. Mwina amene anathira simenti kalelo analibe levulo, chida choonera ngati pansi palingana, ndiye panauma chomwecho ndipo sipanasunthenso. Mwina nthaka ikutsika ndipo khoma likutsika nayo. Ndi maso simungasiyanitse. Ngakhale kuyeza kamodzi kumangokuuzani kuti mpopendekeka, zimene mukuzidziwa kale. Chofunika nkudziwa ngati pakupitirirabe kutsika, ndipo zimenezi zimaoneka mukayeza kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja. Tsono mukafulumira kudzaza, mwakwirira chokhacho chimene chikanakuuzani zoona.

Ndipo mwasenzetsa katundu mbali yomwe ikulephera kale. Simenti yosakaniza ndi mchenga yochindikala masentimita 5 imalemera pafupifupi makilogalamu 100 pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Chipinda cha mamita 3 ndi 4 ndiye kuti makilogalamu 1,200, ngati matumba 24 a chimanga, ndipo ochuluka agona pakona yotsikayo chifukwa ndi pamene mwadzaza kwambiri. Matumba a chimanga bola mumatha kuwatulutsa.

Chimene chimanditopetsa nchakuti nthaka yathu timaidziwa tonse. Mlimi aliyense amadziwa kuti makande a kufupi ndi dambo amang'ambika mu Okutobala mpaka dzanja kulowa, mvula ikabwera nkufufuma. Kumunda amazidziwa, koma akafika panyumba amaiwala kuti maziko ake ali m'dothi lomwelo. Nyumba zambiri zakalezi nza njerwa zootcha zomangira matope, maziko osazama. Zina zinamangidwa pamene panali chulu, pansi pali mphanga za chiswe. Zina chipinda chatsopano chinagwera padzenje la chimbudzi chakale kapena pamene anakumba dothi loumbira njerwa. Kenaka tikweza khoma ndi mabuloko, tifolera malata atsopano otaya madzi onse m'tsinde mwa khoma, bulugamu ali poteropo akuyamwa chinyezi mbali imodzi, nkumadabwa.

Bambo wina kwa Santhe anandilandira ndi mawu akuti, "Alangizi, nyumba ino inapendekeka ndi chivomerezi cha ku Salima chija cha 1989, chichokereni apo ili chomwechi." Nditafunsitsa, zinapezeka kuti chipinda chosweka matailosicho anachiwonjezera chivomerezicho chitapita kalekale. Mayi a m'nyumbamo, amene anali chete akusenda chinangwa pakhonde, ndi amene ananena zenizeni. Akuti madzi okolopera kale ankaima pakati pachipinda, koma zaka ziwiri zapitazi amathamangira pakona yakumadzulo, ndipo kabati anachita kuiikira kachidutswa ka njerwa kuti chitseko chake chizitsekeka. "Ndinawauza awa, koma anati za nyumba ndizisiye." Titazungulira kuseri tinapeza ngalande ya madzi a padenga ikuthera pakona yomweyo, dothi lili nyekhenyekhe. Bambowo anali atagulitsa mabelo a fodya kumsika wa Chinkhoma, ndalama nkulowa m'matailosi amene tsopano akuyenera kugumulidwa. Chaka chino fetereza anachita kukongola.

Musandiuzenso za mabo a ana kapena botolo logubuduza pansi. Limakuonetsani kotsikira, silikupatsani nambala. Levulo yaifupi ya amisiri nayonso imangoona pamene mwaiikapo, chipinda chonse siichidziwa.

Kuyezako sikufuna ndalama zambiri. Pezani paipi yapulasitiki yoonekera mkati, yotalika mamita 10 kapena kuposerapo, muthiremo madzi, mpweya wonse utuluke chifukwa kathovu kamodzi kamanamiza. Mukhale awiri. Sankhani malo amodzi pakhoma lamkati lopanda mng'alu, mukhomepo msomali mita imodzi kuchokera pansi. Wina agwire paipi madzi alingane ndi msomaliwo, winayo azungulire m'makona onse ndi pakati pa khoma lililonse, akulemba pamene madzi aima, nkuyeza ndi tepi kuchokera pamenepo kufika pansi. Nambala ikakula ndiye kuti pamenepo mpotsika. Lembani m'kope pamodzi ndi tsiku. Mu Okutobala mubwereze, mu Malichi mubwerezenso, kuyambira pamsomali womwewo ndi paipi, osadalira zizindikiro zakale chifukwa khoma likatsika zimatsika nalo. Ming'alu muilembe ndi pensulo pamene yathera, ndi tsiku lake.

Manambala akapanda kusintha dzinja ndi chilimwe, dzazani, ikani matailosi anu. Akasintha ndi mamilimita 5 kapena kuposa, kapena mng'alu ukukwera ngati masitepe motsata njerwa, kapena wakula moti pensulo ikulowa, siyani zokongoletsa, itanani injiniya kapena kafunseni ku ofesi yoona zomangamanga kukhonsolo. Podikira, kumbani ngalande madzi a padenga azithera kutali ndi khoma, ndipo mufunse mayi kumene madzi okolopera akupita.