Momwe mungayesere pulogalamu ya mu ofesi musanaipereke kwa antchito

Mu 1989, wofufuza wina, Fred Davis, adalemba m'magazini ya MIS Quarterly kuti munthu amalola kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta akaona kuti ikumuthandiza pa ntchito yake komanso kuti siyovuta. Ngati mwapangitsa pulogalamu yolembera katundu wa m'sitolo, iyeseni kaye pa mfundo ziwirizi.

Yambani ndi kupeza anthu asanu. Katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu, Jakob Nielsen, adasonyeza mu 2000 kuti anthu asanu okha amatulukira pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito. Atengeni pakati pa amene adzaigwiritse ntchito tsiku ndi tsiku, monga kalaliki ndi wosunga ndalama. Amene adaipanga asakhale mmodzi wa iwo, poti iye njira zonse amazidziwa kale.

Kenako lembani ntchito zitatu kapena zinayi zenizeni. Musanene kuti "dinani apa". Nenani kuti: "Kasitomala wabweza matumba awiri a simenti, konzani chiwerengero cha katundu."

Tsopano khalani pansi ndi aliyense wa anthu asanu aja, mmodzimmodzi. Muuzeni kuti yomwe ikuyesedwa ndi pulogalamu, osati iyeyo, ndipo azilankhula mokweza zomwe akuganiza. Apa m'pamene pagona vuto, chifukwa inuyo muyenera kukhala chete. Akasochera mtima udzakuyabwani kuti mumulozere, koma ugwireni. Akakufunsani kuti "ndipite pati?", mubwezereni funso: "Inu mukuona ngati mupite pati?" Lembani pomwe waima, batani lomwe walakwitsa, ndi mphindi zomwe zamutengera. Bwana asakhalepo m'chipindamo. Wantchito pamaso pa bwana amangoti "ili bwino" ngakhale thukuta lili kamukamu, n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira zala zake kuposa pakamwa pake.

Akamaliza, mupatseni mafunso 10 oyezera kuphweka kwa pulogalamu, otchedwa System Usability Scale, omwe John Brooke adakonza mu 1986. Zotsatira zake zimachokera pa 0 kufika pa 100, ndipo avareji ya mapulogalamu imagwera cha pa 68. Yanu ikatsikirapo, pali ntchito.

Pomaliza, onani malo omwe anthu atatu kapena kuposerapo adapunthwa, mupereke amenewo kwa wopanga uja kuti ayambe ndi iwowo. Akakonza, itanani anthu ena asanu atsopano, chifukwa oyamba aja tsopano njira aidziwa.